Matailosi adikire, tiyambe ndi chimbudzi cha kudooko

Makolo athu, akuluakulu a komiti ya mzikiti, ndi inu ana athu.

Masabata ano tikamatuluka ku Jumu'ah, nkhani imene ili pakamwa pa aliyense ndi ya ndalama za chopereka. Zasonkhanako ndithu, Alhamdulillah, ndipo maganizo amene akumveka kwambiri ndi oti tigule matailosi oyala pakhonde la mzikiti ndi kusintha zokuzira mawu. Ife aphunzitsi a pasukulu pano tili ndi pempho lina, ndipo tasankha kulilemba muno kuti makolo nawonso alimve komiti isanakhale pansi. Tikupempha kuti ndalamazo ziyambe zamanga chimbudzi cholimba pafupi ndi dooko, ndi kugula mathanki a madzi a wudhu pamzikiti ndi pamadrasa. Matailosi adikire chaka chamawa. Chimene chatilankhulitsa ndi likodzo.

Tikudziwa kuti ena akuseka kale. Likodzo, matenda a ana aja? Ambiri mwa ife amene tinakulira m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire, kaya ndi kwa Mponda, ku Namiyasi, ku Makawa kapena ku Malembo, tinakodzapo magazi tili ana, ndipo palibe amene anathamanga nafe kuchipatala. Anyamata ena ankachita kunyadira, ati ndi chizindikiro choti ayamba kukula. Tinakula nazo, ndiye tinazolowera. Koma ife amene timaima kutsogolo kwa kalasi timaona mbali imene makolo saiona: mwana amene akupempha kutuluka katatu m'phunziro limodzi, amene akuwodzera 9 koloko m'mawa, amene zikhatho zake zayera ngati wazipaka phulusa. Timamukalipira kuti ndi waulesi. Si onse otere amene ali ndi likodzo, malungo ndi njala nazonso zimachita zomwezo. Komabe mwana wotaya magazi pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kwa zaka sangapikisane bwino pa mayeso a MSCE ndi mnzake wa ku Dedza amene sanapondepo m'nyanja.

Tifotokoze kaye m'mene matendawa amayendera, chifukwa pempho lathu lonse lagona pamenepa. Likodzo limayamba ndi tinyongolotsi timene timakhala m'mitsempha ya magazi, pafupi ndi chikhodzodzo kapena matumbo. Timatha kukhala m'thupi zaka zitatu, zisanu, nthawi zina kuposa apo, ndipo takatikazi timaikira mazira mazanamazana tsiku lililonse. Mazira ena amatuluka ndi mkodzo kapena ndi chimbudzi, ndipo pobowola khoma la chikhodzodzo ndi pamene pamachokera magazi aja. Ena amakanirira m'thupi, n'kumatupitsa ndi kuumitsa minofu. Amenewa ndiwo amawononga impso ndi chiwindi munthu akamakula, ndipo madokotala anatsimikiza kale kuti likodzo la m'chikhodzodzo likakhalitsa limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo.

Dzira lotuluka lija likagwera m'dzenje la chimbudzi, ulendo wake wathera pomwepo, limafa. Likagwera m'madzi a m'nyanja kapena a mumtsinje limaswa, ndipo kachilombo kotulukamo kamasakasaka nkhono ya m'madzi. Kakalowa m'nkhonomo kamaswana kwa milungu ingapo, kenako nkhono imodziyo imayamba kulavula tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Timeneti sitidikira kuti munthu amwe madzi. Timaboola khungu la aliyense amene waponda, wachapa, wasamba kapena akukoka khoka, ndipo mphindi zochepa zimatikwanira. Choncho munthu sapatsira mnzake likodzo mwachindunji. Pamafunika zinthu zitatu: wodwala amene wadzithandiza m'madzi, nkhono, ndi khungu la munthu wina. Kuthetsa nkhono m'nyanja yonse ya Malawi, komiti yathu singathe. Kuletsa anthu a m'mbali mwa nyanja kukhudza madzi, ndi nthabwala chabe. Chotsala m'manja mwathu ndi choyambacho.

Pali mfundo ina imene ikutikhudza ife Asilamu mwapadera, ndipo tikuilemba mwaulemu kwa masheikh athu, amene akudziwa zambiri kuposa ife. Ku madrasa tinaphunzira kuti madzi ambiri, monga a m'nyanja, ndi oyera ndiponso oyeretsa, pokhapokha najisi itasintha mtundu wake, fungo lake kapena kukoma kwake. Zimenezo n'zoona, ndipo wudhu wopangidwa ndi madzi a m'nyanja ndi wovomerezeka. Sitikutsutsa. Vuto ndi loti tizilombo ta likodzo sitisintha mtundu wa madzi, sitinunkha, ndipo lilime silingatizindikire. Madzi a pa dooko akhoza kukhala mbee, mchenga n'kumaoneka pansi, koma ali ndi matenda. Funso loti swala yanga ilandiridwa ndi lina, funso loti impso zanga zipulumuka ndi linanso, ndipo takhala tikuyankha loyamba lokha n'kumaganiza kuti tayankha onse awiri.

Onjezani apa nkhani ya nthawi. Nkhono zimatulutsa tizilombo tambiri dzuwa likakwera, makamaka chakumasana. Imeneyo ndi nthawi imene mlovi wotsika m'bwato amapinda buluku n'kuima m'madzi kukonzekera Dhuhr. Ndi nthawi yomweyo imene ana a madrasa, akapeza ndowa ya pamzikiti ilibe madzi, amathamangira kunyanja kukapanga wudhu, ndipo tonse tikudziwa kuti mwana wa zaka khumi akafika kumadzi sathera pa kutsuka mapazi. Timawatuma tokha, ndi mtima wabwino, pa ola loipitsitsa.

Ndipo chipembedzo chathu sichinakhale chete pa zimenezi. Masheikh amatiphunzitsa kuti kukodza m'madzi oima n'koletsedwa, ndi kuti kudzithandiza pamalo potunga madzi, panjira kapena pamthunzi pamene anthu amapumulira ndi tchimo. Malamulowa ndi akale kwambiri kuposa Theodor Bilharz, dokotala wa ku Germany amene anapeza nyongolotsi ya likodzo ku Cairo mu 1851. Tikanawasunga bwino, nkhono za pa dooko pathu zikanasowa chonyamula. Koma lamulo limavuta kulisunga ngati palibe kolowera. Pitani pa dooko mbandakucha mabwato a usipa akamafika. Alovi, amayi ogula nsomba, oyanika pathandala, a kabaza, ana otumidwa ndiwo, onsewo amakhala pamenepo mpaka dzuwa litakwera, ena tsiku lonse. Akafuna kudzithandiza apite kuti? Tonse yankho tikulidziwa, kungoti sitilitchula. Amalowa kumabango, kapena amangolowa m'madzi mpaka m'chiuno.

Ena anena kuti nyanjayi ndi yomweyi imene anasambamo makolo athu, chasintha n'chiyani. Zasintha zingapo. Kale anthu ankati likodzo lili m'madambo ndi m'mabango mokha, pamchenga poyera palibe. Ofufuza amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Chembe, m'dera la Nankumba, anapeza kuti nkhono ina yotchedwa Bulinus nyassanus, imene imakhala mumchenga wa poyera pomwepo, nayonso imanyamula likodzo. Mmodzi wa iwo, Jay Stauffer wa ku America, wakhala akunena kuti nkhonozi zinachuluka chifukwa nsomba zimene zimadya nkhono zinachepa ndi usodzi wa makoka a maso ang'onoang'ono. Apa tisaloze chala kutali. Maneti a udzudzu amene timalandira kuchipatala kuti titeteze ana ku malungo, angati mwa iwo athera m'madzi kukokolola tiana ta nsomba? Neti imodzi yotero imatipweteka kawiri: mwana amagona poyera udzudzu n'kumamudya, ndipo nkhono imatsala yopanda mdani.

Chachiwiri n'chaposachedwa. Mu 2017 ndi 2018, ofufuza a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu anapeza nkhono ya mtundu wa Biomphalaria pfeifferi m'nyanja, m'boma lathu lino la Mangochi. Nkhono imeneyi imanyamula likodzo la m'matumbo, limene silinkadziwika kuti limafala m'nyanja muno. Atayeza ana 175 a m'sukulu zitatu za pulayimale, anatsimikiza kuti matendawa afikadi. Likodzo la m'matumbo ndi lachinyengo kuposa linzake, chifukwa mkodzo umakhala woyera bwinobwino. Mwana amangodandaula m'mimba, nthawi zina kutsegula kosakanikirana ndi magazi, ndipo chiwindi chimawonongeka mwakachetechete. Kholo limene limati mwana wanga alibe likodzo chifukwa sakodza magazi, masiku ano likhoza kulakwitsa. Ndiponso mazira a mtundu umenewu amatuluka ndi chimbudzi, osati mkodzo. Mabango aja ndiwo njira yake.

Pali mbali ina imene timachita nayo manyazi, koma tiilemba chifukwa ikuphwanya mabanja. Mazira a likodzo sakhala m'chikhodzodzo mokha. Kwa atsikana ndi amayi amakakhazikika m'njira ya chiberekero, n'kuyambitsa zilonda, kuyabwa, kutaya magazi ndi ululu, ndipo ena amavutika kutenga pathupi. Zizindikirozi zimafanana kwambiri ndi za matenda opatsirana pogonana. Taganizani mtsikana wa Fomu 2, wodzisunga, amene tchimo lake ndi kuchapa zovala za banja lonse kunyanja Loweruka lililonse. Akauza mayi ake zimene akumva, ayamba n'kufunsidwa kuti wayenda ndi ndani. Ambiri amasankha kukhala chete. Abambo nawonso sanapulumuke: Dr Sekeleghe Kayuni, dokotala wa kuno ku Malawi, anafufuza pakati pa asodzi a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndipo anapeza mazira a likodzo m'ziwalo zoberekera za ena mwa iwo. Tikupempha amayi a dawa ndi anamkungwi kuti nkhaniyi ilowe m'malangizo awo. Mwana wamkazi akadandaula zoterezi, mupite naye kuchipatala, ndipo mukauze adokotala kuti amachapa kapena kusamba kunyanja. Kumuweruza kuyambe kwadikira.

Nanga mankhwala aja amene boma limagawa m'sukulu? Ndi abwino, ndipo tikufuna mwana aliyense azimwa. Dzina lake ndi praziquantel, ndipo alangizi a zaumoyo amayeza msinkhu wa mwana pa ndodo kuti adziwe mapilitsi angati. Amapha nyongolotsi zikuluzikulu zimene zili m'thupi. Koma si katemera. Mwana akamwa lero n'kukasambira mawa pa dooko lomwe lija, nkhono zimamupatsa zatsopano, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu mazira ayambiranso. Tikuchita ngati munthu wokapa madzi m'bwato lobooka: kukapako n'kofunika kuti tisamire, koma bowo lili pomwepo.

Komanso pa kamwedwe komweko tili ndi zolakwa zathu. Tsiku la mankhwala likalengezedwa, ana ena sabwera kusukulu, ndipo tikafunsa timamva kuti makolo ndiwo awaletsa, ati mapilitsiwo ndi olera, aletsa ana kudzabereka. Makolo athu, zimenezo si zoona. Mankhwalawa akhala akugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri kwa zaka zoposa makumi anayi, kuphatikizapo Egypt ndi Sudan, ndipo chimene chimasokoneza kubereka ndi likodzo lenilenilo. Chimene chimaopsa anthu ndi kuona ana akuchita chizungulire, kusanza kapena kupotokola m'mimba akangomwa. Izi zimachitikadi, makamaka kwa mwana amene wamwa ndi njala, komanso kwa amene ali ndi nyongolotsi zambiri, ndipo zimatha tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mankhwala ake ndi phala. Mwana adye kaye. Ngati banja lililonse lingatumize kapu imodzi ya ufa sabata ya mankhwala, amayi a komiti ya sukulu angaphike phala la onse, ndipo theka la mphekeserazi lingathe lokha. Tsikulo likagwera m'mwezi wa Ramadhan, tikambirane ndi azaumoyo msanga kuti osala adzamwe atafutulu, m'malo mongowasiya.

Vuto lina ndi loti kugawaku kwakhala kukuyang'ana kwambiri ana a ku pulayimale. Anyamata ndi atsikana a ku sekondale, alovi, amayi ochapa, ambiri amadumphidwa, pamene ndi iwo amene amakhalitsa m'madzi. Mu 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linasintha malangizo ake, n'kunena kuti m'madera amene likodzo lafala, mankhwalawa aziperekedwa kwa onse kuyambira ana a zaka ziwiri mpaka akuluakulu. Mzikiti uli ndi mwayi umene sukulu ilibe: Lachisanu lililonse abambo amene sapezeka pakhomo amakhala atasonkhana malo amodzi. Komiti ingathe kuitana alangizi a zaumoyo kuti adzakumane nawo pomwepo.

Za kolera sitichulutsa, chifukwa bala lake likadali laliwisi. Mliri umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali pakati pa maboma amene anavutika kwambiri, makamaka m'madooko a asodzi. Tikukumbukira mahema a odwala, fungo la klorini, ndi maliro amene sitinathe kuwasambitsa ndi kuwaperekeza monga tinazolowera. Nthawi imeneyo pakhomo la mzikiti uliwonse panali ndowa ya kampopi ndi sopo. Lero ndowa zambiri zija zikusungira chimanga. Kolera ndi likodzo ndi matenda osiyana, wina amalowera pakamwa n'kupha m'maola ochepa, wina amalowera pakhungu n'kudya munthu kwa zaka. Koma onse amatulukira khomo limodzi, ndipo chimbudzi chimodzi chimatseka onse awiri.

Tamva zotsutsa, ndipo zina n'zomveka. Akuti chimbudzi cha pamchenga chimagwa. N'zoona, ndipo aliyense amene anakumbapo dzenje kufupi ndi nyanja akudziwa kuti madzi amatuluka usanafike patali, makoma n'kumagumuka. Mu 2024 nyanja itakwera kwambiri, nyumba, minda ndi malo ogona alendo zinamira m'mbali monsemu, ndipo zimbudzi zambiri zinapita nazo limodzi. N'chifukwa chake sitikupempha dzenje lotchinga ndi udzu. Tikupempha chimbudzi chomangidwa pamalo okwera, kumtunda kwa pamene madzi anafika chaka chimenecho, dzenje lake lomangidwa ndi njerwa ndi simenti kuyambira pansi, mbali ya abambo ndi mbali ya amayi, ndi madzi otawasira pomwepo. N'chodula, inde, ndiye chifukwa chake tikulankhula ndi amene asunga thumba.

Akutinso imeneyi ndi ntchito ya khonsolo ndi komiti ya pa dooko, si ya mzikiti. Mwa lamulo mwina n'zoona, ndipo tiyenera kuwafikira, pamodzi ndi amfumu, kuti atipatse malo ndiponso athandize. Koma amene amapanga wudhu pa dooko paja ndi ife, ndipo ana amene akudwala ndi athu. Akutinso chimbudzi cha aliyense chilibe mwini, pakatha mwezi chidzakhala chosalowereka. Ichi ndiye chotsutsa champhamvu kuposa zonse, ndipo tisanaike njerwa yoyamba tiyenera kugwirizana kuti adzasesa ndani, adzalipidwa bwanji, ndipo kiyi adzasunga ndani. Eni mabwato akhoza kumapereka kangachepe pa ulendo uliwonse. Chimene sitikufuna ndi kumanga n'kukhoma ndi loko kuti chidzatsegulidwe alendo akabwera, monga taonera m'malo ena.

Pali ena amene akuti dooko limafikidwa ndi anthu a zipembedzo zonse, bwanji ndalama ya Asilamu imangire aliyense. Tingoti nkhono sifunsa dzina la munthu. Ndipo ngati kukumba chitsime choti aliyense amwepo ndi sadaka imene malipiro ake sasiya kuyenda, sitikuona chifukwa chimene kuteteza madzi a mudzi wonse kungakhalire kochepera apo. Masheikh atiwongole ngati talakwitsa.

Za mathanki n'zosavuta. Tizilombo ta likodzo tikatuluka m'nkhono sitikhala moyo nthawi yaitali tikapanda kupeza munthu. Madzi otungidwa kunyanja akakhala m'chotengera masiku awiri, opanda nkhono m'kati, amakhala abwino kusamba ndi kupangira wudhu. N'chifukwa chake tikunena mathanki awiri: ina ikugwira ntchito, ina ikudikira. Madzi akakhala a pa mjigo kapena a pampopi, ndiye bwino koposa. Koma tisasokoneze, kugoneka madzi sikupha kolera. Akumwa ndi otsukira m'kamwa tiwathirebe klorini kapena tiwawiritse. Zomwezi mayi aliyense angachite pakhomo ndi zidebe ziwiri, ndipo ana aang'ono azisambitsidwa m'beseni ndi madzi ogonawo, osati kuwakhazika m'mphepete mwa nyanja pamene mayi akuchapa.

Abale athu a ku Zanzibar anayesapo njira yonga iyi. Kuyambira mu 2012, pa ntchito yolimbana ndi likodzo ku Unguja ndi Pemba, kuwonjezera pa mankhwala ndi kupha nkhono, anaphunzitsa aphunzitsi a m'sukulu ndi a m'madrasa momwe, ndipo anamanga malo ochapira pafupi ndi zitsime ndi mipopi kuti amayi ndi ana asamapite kumitsinje. Likodzo silinatheretu, koma linatsika kwambiri. Chimene tatolapo ndi chakuti mwana amamvera ustazi wake pa nkhani ya twahara kuposa m'mene amamvera chithunzi chopachikidwa kuchipatala.

Inu ana athu, gawo lanu nali. Sitikuuzani kuti musadzayandikirenso nyanja, chifukwa tikudziwa kuti mwezi wa Okutobala ukafika simudzatimvera, ndipo ena mwa inu fizi yanu imachokera m'khoka. Koma kodzani kumtunda musanalowe m'madzi, ndipo muwauze azing'ono anu chimodzimodzi. Pewani kusambira masana dzuwa lili paliwombo. Mukaona magazi, kapena m'mimba mukamapweteka kosalekeza, uzani mphunzitsi amene mumamasuka naye kapena matroni, ndipo sitidzakutchulani pa asembule. A kalabu ya sayansi avomera kuyenda m'mbali mwa dooko ndi mphunzitsi wawo, atavala majombo ndi magolovesi, kukalemba malo amene nkhono zachuluka ndi malo amene anthu amadzithandizira. Palibe wololedwa kutola nkhono ndi manja.

Mapu amenewo, pamodzi ndi mitengo ya simenti, njerwa ndi mathanki imene tafunsa kwa amisiri awiri a kuno, tidzabwera nazo ku msonkhano wa komiti Lachisanu likudzali ikatha swala, Insha Allah. Tapempha a tcheyamani kuti makolo, makamaka amayi, aloledwe kukhalapo ndi kulankhula. Amene akufuna matailosi abwerenso ndi mitengo yawo, tidzaike mapepala onse pamkeka umodzi.